Malemu Gilibati Afuna Feteleza

Gilibati Mkanda anamva za imfa yake Lachiwiri m'mawa, ali pamzere wogula feteleza wa makuponi pa Mitundu. Anali atalawirira, njinga ataitsamiritsa pampanda, malamba omangira matumba ali kale pakaliyala. Nthawi yake itakwana anapereka chitupa chake cha unzika kwa kalaliki wa pawindo. Kalalikiyo anachiloza ndi foni, foni inalira, iye anayang'ana foni, nayang'ana Gilibati, nabwereranso pafoni. Kenako anachipukuta chitupacho pamalaya, ngati kuti vuto ndi fumbi, nayesanso kachiwiri.

“Bambo, makinawa akuti munamwalira.”

Gilibati anafunsa kuti liti. Kalaliki anati pa 14 Juni, ndipo poti anali mwana woleredwa bwino, anawonjezera kuti pepani. Amene anali kumbuyo pamzere anaseka mpaka kugwira m'nthiti, ndipo mayi wina anafunsa ngati kumene akuchokerako kulinso minda. Gilibati sanaseke komanso sanakangane. Tsiku la 14 Juni ankalidziwa bwino, chifukwa manda a munthu amene anamwalira tsiku limenelo anakumba ndi iye yemwe.

Nkhani yake inayamba chonchi. Kuseri kwa mudzi wa kwawo kuli esiteti ya fodya, ndipo pa esitetipo panali tenanti wina dzina lake Abednego Nasiyaya, wa ku Phalombe. Anabwera ndevu zisanamere, nakalambira m'zigafa momwemo. Mkazi anamuthawa kalekale, mwana analibe, ndipo chitupa analibenso, poti chaka cholembetsa chija anthu a boma anafika nthawi yodinda mabelo, kapitawo n'kunena kuti fodya sadikira boma. Iyeyu ndi Gilibati anali pa ubwenzi wa ponda apa nane ndipondepo. Chaka chimene Alinafe, mwana wa Gilibati, anakomoka ndi malungo mtsinje utadzaza, anamuberekera kumsana n'kumuwolotsa mpaka kuchipatala ndi Abednego. Zotere munthu saiwala.

Abednego anamwalira ndi chifuwa m'nyengo yozizira. Mwini esiteti anatumiza chipepeso cha mawu asanu pafoni, basi. Ku Phalombe kunalibe wodziwika woti n'kumuimbira, ndiye anthu anagwirizana zomuika pamudzi pomwepo, atamukulunga mumphasa. Gilibati atamva za mphasa mtima unamuwawa kwambiri, nati mnzake sangapite ngati mtolo wa fodya.

Tsono phungu wa dera lawo, Olemekezeka a Calvin Kamtedza, ali ndi mbiri imodzi imene ngakhale adani awo saitsutsa. Mlatho umene analonjeza zaka zinayi zapitazo ukadali m'kamwa mwawo, mjigo wa pasukulu unauma iwo akuyang'ana kumbali, koma bokosi lamaliro limafika mtembo usanazizire. Ukafuna kuti a Kamtedza akudziwe, umwalire. Zamabokosizi amayendetsa ndi mlembi wawo, a Chipulumutso, bambo wa mimba yotsogola ndi mafoni atatu. Lamulo lawo ndi limodzi lokha: wakufayo akhale ndi chitupa cha m'dera lino, poti abale a munthu wa ku Phalombe amakavotera ku Phalombe.

Kumudzi chitupa chimabwerekedwa ngati khasu. Wina amakalembetsera nacho nambala ya foni, wina amakaonetsa pachipata cha ganyu, madzulo n'kubweza. Nanga chitupa chimatha ngati sopo? Gilibati anapisa m'thumba, natumiza chake. Amfumu anadinda chidindo pakalata ya imfa osawerenga, magalasi awo anali atathyoka mwendo. Dzuwa lisanapendeke bokosi linafika pa lole, lavanishi, la zogwirira zonyezimira, mwakuti azibambo ena okalamba analiyang'ana mosirira.

Mawa lake Olemekezeka anabwera kumaliro. Gilibati sanawaone, poti iye ndiye mkulu wa adzukulu pamudzipo, anthu okumba manda ndi kuika maliro, ndipo anali kumanda ndi pikisi chim'bandakucha. Zimene zinalankhulidwa pasiwa anachita kumva. Akuti Olemekezeka anawerenga dzina papepala n'kunena kuti malemu Gilibati Mkanda anali mzati wa chitukuko, munthu amene iwo ankamudalira pa malangizo. A Chipulumutso anafunsa kuti mkazi wa malemu ndi uti, ndipo amayi onse anatembenukira kwa Felesiya, mkazi wa Gilibati. Felesiya anaona kuti pamenepa palibe pothawira. Anafunda kumutu, nalira mokweza monga afunikira wamasiye, Olemekezeka n'kumugwira dzanja ndi kumupatsa nsalu ya chipani ya nkhope yawo. Mudzi wonse unkadziwa, mudzi wonse unakhala chete, chifukwa bokosi linali labwino.

Olemekezeka sanafike kumanda, anali ndi maliro ena awiri tsiku lomwelo. Koma mtanda wachitsulo umene anagula unafika, dzina la Gilibati litalembedwa ndi penti yoyera. Gilibati anauzika yekha mtandawo, akudziuza kuti adzakonza zikadzaphweka. Chimene palibe anachiganizira n'chakuti a Chipulumutso, munthu amene sanamalizepo ntchito ina iliyonse chibadwire, sabata imeneyo anali ndi ulendo wa mutauni, ndipo anakatula kalata ya imfa ija ku ofesi yoyenera. Akuluakulu anati chifundo chinapha nkhwali, ndipo Gilibati chinamupha mwalamulo.

Atabwerako ku Mitundu ndi njinga yopanda katundu, Felesiya anamvetsera nkhani yonse atagwira m'chiuno. Madzulo ake anapha nkhuku ya chitopa imene inkafuna kufa yokha, nagawira Alinafe ntchafu, iye n'kutenga inayo, mwamuna wake n'kumupatsa msuzi. Anati sanamvepo kuti malemu amadya nyama. Anaseka onse, koma kuseka kwake kunali kwa pamwamba. Mvula inali itagwa kale kawiri, mbewu zili m'nthaka, ndipo dothi la munda wawo n'lotopa, loti popanda feteleza chimanga chimabereka chala. Feteleza wa kwa mavenda sanali wa anthu ngati iwo. Onse awiri ankadziwa kuti matumba awiri aja akawaphonya, Febuluwale adzawapeza akudya gaga.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Gilibati anakwera minibasi kupita mutauni, ku ofesi kumene amasunga mayina a amoyo ndi akufa. Ulendo woyamba anauzidwa kuti netiweki palibe. Ulendo wachiwiri netiweki inalipo, koma anamuuza kuti akatenge kalata kwa amfumu yonena kuti ali moyo. Anakatenga, nabwera nayo ulendo wachitatu. Mayi wa padesiki anaika kalata yatsopanoyo pambali pa yakale ija, naona kuti chidindo n'chimodzi, dzanja n'limodzi, nafunsa kuti boma likhulupirire iti. Gilibati anati likhulupirire iye, poti waima pomwepa akupuma. Mayiyo anamuyang'ana momumvera chisoni, nati kupuma si umboni.

Ulendo wachinayi anamuuza kuti munthu womwalira sangadandaule yekha, pafunika wachibale. Wachisanu anapita ndi Felesiya, ndipo anapeza kuti bwana wosainira ali ku msonkhano ku Mponela. Sabata yotsatira bwanayo anali ku msonkhano wina wokambirana zimene anakambirana ku Mponela. Mbuzi imodzi inathera m'maminibasi. Pamudzi ana anayamba kumupatsa moni wa “Mwadzuka bwanji, malemu”, ndipo kutchalitchi mkulu wa mpingo anamufunsa moseka ngati akuyenerabe kuyimba kwaya ya pansi pano.

Chimanga chinamera, chinafika m'mawondo a mwana, kenako chinayamba chikasu. Cha oyandikana nawo, amene anathira feteleza wachitowe nthawi yake, chinali chobiriwira mpaka kuda. Gilibati ankapita kumunda m'mawa uliwonse kukapalira mbewu zimene ankaona kuti zikufa ndi njala, ndipo ankachita mantha enieni, mantha a bambo amene sadziwa chodzawauza ana ake. Ku Mitundu kunamveka kuti matumba atsala ochepa ndipo lole ina sibweranso.

Aliyense ankamuuza chimodzimodzi: kaonane ndi a phungu, iwo akaimba foni kamodzi zitseko zimatseguka zokha. Kunena n'kosavuta. Ofesi ya Olemekezeka ili pa Nathenje, ndipo Gilibati anapalasa njinga kawiri konse pamsewu wamatope kukaipeza. Maulendo onse awiri anapeza loko wadzimbiri pachitseko ndi mbuzi zitagona pakhonde, zikuoneka kuti nazonso zinabwera ndi madandaulo. Anaimbira a Chipulumutso. Iwo sapereka moni pafoni, amangofunsa kuti wamwalira ndani. Gilibati atati palibe, foni inaduka. Anaimbanso, ndipo atafunsidwa funso lomwelo anati wamwalira ndi iye amene akulankhulayu. Foni inadukanso, ndipo kuchokera tsiku limenelo nambala yake sinayankhidwenso pa mafoni onse atatu.

Anali Felesiya amene anati a Kamtedza sapezeka ku ofesi, amapezeka kumaliro, ndiye akawatsekereze kumeneko. Gilibati anapukusa mutu. Anali atawaonapo kumaliro ena: galimoto imaima pafupi ndi mpando, anyamata a magalasi akuda amazungulira, munthu wamba ukayandikira amakukankha ndi chigongono uku akuyimba nawo nyimbo ya maliro. Pasiwa sangawafike.

Gilibati anali akunola pikisi yake, kenako anasiya kunola.

“Amake Alinafe, pasiwa ndi pawo. Nanga kumanda n'kwa yani?”

Felesiya anamvetsa asanamalize. Kumanda mfumu ndi mdzukulu. Mdzukulu akhoza kuseka pamene ena akulira, akhoza kuvala chipewa cha malemu n'kumayenda monga ankayendera, akhoza kuimitsa mwambo wonse mpaka apatsidwe nkhuku, ndipo palibe amene angamukhudze, kaya ndi mbusa kaya ndi wapolisi. Ukamukwiyitsa amangoika fosholo pansi, uone ngati m'bale wako udzamukwirira ndi manja. Ndipo munthu wamkulu aliyense wobwera kumaliro amafika m'mphepete mwa dzenje kudzathira dothi loyamba, anyamata a magalasi atatsala kumbuyo.

Sanadikire nthawi yaitali, poti miyezi ya mvula imfa siisowa. Lachisanu kunamveka kuti kufupi ndi Nathenje kwamwalira gogo Kachingwe, bambo wa tcheyamani wa chipani, nkhalamba imene inaona zidzukulutudzi ndipo inali itatopa nazo. Maliro otero Olemekezeka sangajombe, ndipo sangathawe asanafike kumanda. Mkulu wa adzukulu kumeneko anali Davide, amene Gilibati anasokapo naye fodya pa esiteti ali anyamata. Davide atamva pempho lake sanafunse zambiri. Iye ndi anzake analonjezedwa maovolosi ndi majombo chisankho chathachi, ndipo ankakumbabe ndi mapazi.

Loweruka Gilibati anakumba nawo kuyambira mame asanakamuke. Anakumba mwaluso, makoma osalala, mwakuti adzukulu a ku Nathenje anavomera kuti a ku Mitundu nawo amaidziwa ntchito. Cha m'ma 2 koloko nyimbo zinamveka zikubwera. Kutsogolo kunali amayi a mvano ndi nkhata, pambuyo bokosi, pambuyo pake Olemekezeka atavala suti yakuda ndi nsapato zoti ntchentche ikatera iterereka. Felesiya anali m'gulu la amayi, atamanga nsalu ija ya chipani, nkhope ya Olemekezeka itamukhala bwinobwino kumbuyo pokhalira.

Gilibati ndi mnzake mmodzi anatsikira m'dzenje kukalandira bokosi. Analilandira, nalikhazika mwaulemu. Mnzakeyo anatuluka. Gilibati anatsamira khoma, napinda manja.

Abusa anawerenga mawu a dothi kudothi. Davide anatapa dothi pafosholo, nagwada pang'ono, naipereka kwa Olemekezeka, amene anasendera m'mphepete atakonza nkhope yachisoni imene anthu onse a m'deralo amaidziwa. Atangoti apendeketse fosholo, mawu anachokera pansi.

“Olemekezeka, musathire kaye. Muno tilimo awiri.”

Olemekezeka anadumphira m'mbuyo, dothi n'kuwathira pansapato. Nyimbo inaduka pakati. Anyamata a magalasi anafuna kuyandikira, koma adzukulu onse anali atakhala kale pansi mozungulira dzenje, mafosholo ali pamiyendo, ngati anthu amene alibe kopita mpaka mawa. Davide anangoti mdzukulu akulankhula, ndipo akuluakulu a pamudzipo anagwedeza mitu kuti mwambo ndi umenewo.

“Ndine Gilibati Mkanda wa ku Mitundu, bwana. Munandiika m'manda mu Juni. Ndinamva kuti munalankhula bwino kwambiri, munati ndinali mzati wa chitukuko. Tsiku lija ndinatanganidwa, sindinapeze mpata wothokoza.”

Felesiya anatuluka m'gulu la amayi, nagwada monga mwa ulemu. “N'zoona, bwana. Wamasiye munamugwira dzanja uja ndine. Nsalu yanu ndi iyi, siisuluka.” Ndipo anatembenuka kuti aione bwino.

Woyamba kuseka anali mwana wamkazi wa malemu Kachingwe, mayi wa imvi amene anali atalira masiku awiri. Anayesa kubisa m'nsalu koma mapewa anamuulula. Kuseka kunafalikira mpaka kwa amayi a mvano, ndipo abusa anayamba kufufuza chinachake m'Baibulo mwakhama. Achinyamata anali atatulutsa kale mafoni.

A Chipulumutso anatulukira thukuta lili kamukamu, nanong'oneza bwana wawo mokweza kuti munthuyu ndi wakuba, ananamiza ofesi kuti apeze bokosi, ndipo apolisi ali pamsewu pomwepa. Gilibati anamva, ndipo sanakane. Anafotokoza ali m'dzenje momwemo, mawu ake akumveka bwino ngati a mumgolo. Ananena za Abednego, za zaka zake m'zigafa, za mtsinje wodzaza ndi mwana kumsana, za mphasa. Pamene ankanena za mphasa anthu anali atasiya kuseka, chifukwa pamandapo panali matenanti ambiri, a ku Mulanje, a ku Thyolo, a ku Machinga, ndipo aliyense ankadziwa kuti nkhaniyo ndi yake.

“Bokosi ndinanama, inde. Ngati mukulifuna, mafosholo ndi awa, tikakufukulirani. Koma ine boma likuti ndinafa, feteleza andikaniza, chimanga changa chikufa. Ndayenda kasanu ndi kamodzi mutauni, kawiri ku ofesi kwanu. Ngati simungathe kundidzutsa, bwana, thirani dothilo. Agogowa sakana mlendo, ndipo boma lisakhale labodza.”

Tinene zoona, a Kamtedza si munthu wopusa. Munthu sapambana chisankho kawiri ndi mabokosi okha, pamafunikanso mphuno yonunkhiza kumene mphepo ikulowera. Anayang'ana mafoni amene anawaloza, anayang'ana matenanti, anayang'ana tcheyamani wa chipani amene bambo ake anali kudikira kukwiriridwa, nakumbukira kuti chisankho chili pakhomo. Nkhope yachisoni ija inachoka, panabwera ina yaukali wa munthu wokonda anthu ake. Anatembenukira a Chipulumutso n'kuwakalipira pamaso pa onse kuti n'chifukwa chiyani nkhani yaikulu chonchi sinawafike. A Chipulumutso anangopepesa, poti galu wa mfumu amadziwa nthawi yolandira ndodo.

Kenako Olemekezeka anatulutsa foni, naika pokweza kuti manda onse amve. Bwana uja wa ku Mponela, amene Gilibati anamusaka mwezi wathunthu, anayankha foni isanalire kawiri. Anati inde bwana kasanu ndi kawiri. Anati n'kulakwitsa kwakung'ono, bambowo abwere Lolemba m'mawa, afikire kwa iye. Olemekezeka anaimbanso kwina, nalamula kuti matumba awiri a Gilibati Mkanda asungidwe pa Mitundu, munthu asawakhudze.

Atatero anawerama, natambasula dzanja lawo lofewa, namukoka Gilibati kumutulutsa m'dzenje, ataonetsetsa kaye kuti wojambula wawo waima pabwino. Suti inadzola matope mpaka m'chigongono koma sanadandaule. Anakweza dzanja la Gilibati m'mwamba nauza anthu kuti aphungu ena amangolonjeza, koma anthu a kuno aona okha ndi maso kuti wawo amatulutsa anthu m'manda. Amayi a chipani analuluta, kenako anakumbukira pamene ali, nasiya. Davide anapezerapo mwayi wofunsa za majombo, ndipo anauzidwa kuti zili m'mapulani. Gogo Kachingwe anakwiriridwa dzuwa likupendeka, ndipo ana ake anati bambo awo ankakonda phokoso, akanasangalala.

Lolemba Gilibati anafika ku ofesi ija mutauni. Mlonda amene ankamuthamangitsa pakhonde anamutsegulira chitseko. Mayi uja wa kupuma si umboni anamupatsa mpando wa khushoni namufunsa kuti kunyumba ali bwanji. Netiweki inalipo yambiri. Bwana anasaina, mayiyo anagogoda makina, ndipo ntchito imene inadya mbuzi yathunthu inatha tiyi wa bwanayo asanazizire.

“Mwadzuka, bambo Mkanda,” anatero mayiyo akumubwezera chitupa.

Gilibati anachilandira ndi manja awiri. Anaima kuti azipita, koma anakhalanso. Anati popeza dzina lake lachotsedwa pa imfa ija, alembepo la mwini wake, Abednego Nasiyaya, wa ku Phalombe. Mayiyo analemba dzinalo m'makina, nadikira, napukusa mutu. Anayesa ndi Phalombe, anayesa ndi Lilongwe. Anafunsa nambala ya chitupa, Gilibati anati analibe. Anafunsa tsiku lobadwa, Gilibati anati salidziwa, ndipo mwina mwini wakeyo sankalidziwanso. Mayiyo anafotokoza mofatsa, popanda nkhanza ina iliyonse, kuti makina sangalembe imfa ya munthu amene sanalembedwepo kuti alipo.

“Ndiye pa 14 Juni anamwalira ndani?” anafunsa Gilibati.

“Malinga ndi ife, palibe.”

Anatuluka ali wamoyo mwalamulo, koma chimwemwe chimene ankachiyembekeza mwezi wonse sichinabwere chonse. Anakwera minibasi mpaka pa Mitundu. Kumeneko foni ya kalaliki uja inalira kulira kwabwino, ndipo kalalikiyo anamugwira chanza n'kumuuza kuti takulandiraninso. Matumba awiri anali pakona, atalembedwa dzina lake ndi makala. Akuwamanga panjinga, foni yake inalira. Anali a Chipulumutso, kwa nthawi yoyamba kuimba okha. Anati angomudziwitsa kuti lamulo la ofesi ndi bokosi limodzi pa chitupa chimodzi, ndipo lake analandira kale, ndiye tsiku lake likadzafika asadzavutitse anthu. Gilibati anawathokoza, nati bokosilo analiona, linali labwino, ndipo linapita kwa munthu woyenera.

Asananyamuke analowa m'sitolo ya zitsulo n'kugula kachitini kakang'ono ka penti yoyera.

Tsiku lotsatira iye, Felesiya ndi Alinafe anathira feteleza munda wonse, phando ndi phando, kachibotolo kakang'ono m'manja, mitambo ikusonkhana cha ku Malingunde. Anachedwa ndi masabata atatu, koma chimanga n'chokhululuka, chikamva chakudya chimadzuka. Anamaliza mvula itayamba kuwaza, ndipo Felesiya anati madzulo ano malemu adya ntchafu.

Lachitatu m'mawa Gilibati anakapempha chilolezo kwa amfumu, poti kumanda sapitako ngati kudimba, nalowa yekha m'nkhalangomo ndi kachitini kake ndi mpeni. Udzu unali utamera pamtumbira. Anazula udzuwo, nakhala pansi, nayamba kupala dzina lake pamtanda, chilembo chimodzichimodzi. Analankhula ndi mnzakeyo uku akupala, kumuuza za suti ya matope ndi za nsalu ya Felesiya, ndipo anaseka yekha mpaka misozi inatuluka, n'kupitiriza kutuluka kuseka kutatha.

Sukulu analekeza sitandade 5, ndiye zilembo zake zinali zopendama, zina zazikulu zina zazing'ono. Anathyola kamtengo, nakatafuna kunsonga, nakaviika mu penti. Pamwamba analemba ABEDNEGO NASIYAYA. Pamzere wa tsiku lomwalira anasiya 14 Juni momwe inalili. Unatsala mzere wapakati, pamene panali tsiku lake lobadwa iye Gilibati, tsopano popalidwa, pongooneka chitsulo. Anauyang'ana nthawi yaitali, penti ikudontha pa chala. Kenako anaviikanso kamtengo kaja, nalemba mawu amodzi okha amene iye akanatha kuchitira umboni pamaso pa ofesi ina iliyonse: ANALIPO.